Kabichi Safunda Bulangete

Linesi mwana wanga,

Ngati amayi ako achita monga tapangana, kalatayi waipeza m'kajumbo ka kamba, pansi pa mbatata zootcha, ndipo basi yadutsa kale pa Zalewa. Ngati waipeza uli chikhalire pa depoti ya Wenela, ndiye kuti wayamba kudya kamba ulendo usanayambe, khalidwe limene sunatengere kwa ine. Ndalemba chifukwa pakamwa sindingakuthe. Iwe ndi amayi ako mukayamba kuyankha, munthu amaiwala chimene amafuna kunena. Pepala ndiye labwino, silidula munthu mawu.

Ndikulemba Loweruka m'mawa. Kunja kuli chiperoni, phiri la Ndirande silikuoneka n'komwe, koma iwe watsikira kudimba ndi makheni ako ngati kuti mawa suli paulendo. Mulungu wathirira kale usiku wonse, iwe wapita kukawonjezera.

Amayi ako andiuza zimene unawanong'oneza tsiku lija munkachapa. Usawakwiyire, nkhaniyi inawalemera. Akuti ukupita ku Mzuzu kukangoonetsa nkhope kusukulu ya unamwino, ukapemphe akuluakulu kuti akusungire malo mpaka chaka chamawa, kenako ubwerere kudzathirira ndiwo. Chifukwa chake akuti ndi msana wangawu. Adokotala anandiletsa kunyamula kheni, amayi ako amalawirira ku msika wa Limbe n'kubwerako dzuwa litalowa, ndipo lamulo la m'madimba a pa mtsinje wa Nasolo ukulidziwa: malo ndi a amene akulima. Palibe ali ndi pepala. Mabedi akauma chisanu chimodzi, chaka chinacho umapeza wina wadzalamo anyezi, ndipo kulibe bwalo lokadandaulako. Iwe ukuopa kuti ukachoka dimba lipita. Ine ndikuopa kuti ukabwerera malo ako akusukulu apita, pakuti owafuna ndi ambiri, ndipo iwe wawadikira nthawi yaitali ukusenza madzi. Nkhani yathu ndi imeneyi. Koma usanamve maganizo anga, undilole ndikukumbutse za dimbalo. Poti ukulikonda chonchi, uyenera kudziwa mmene bambo ako analizunzira.

Tinakwera chitunda cha Thabwa kuchokera ku Nsanje iwe uli kumsana, ine nditapeza ntchito yonyamula matumba m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata. Chimene kwathu kuchigwa timati kuzizira, kuno amati kwacha bwino. Juni woyamba wa Blantyre ndinkayesa ndadwala malungo. Ndinkavala mathalauza awiri, amayi ako ankavala masokosi m'manja pokatunga madzi, ndipo tonse tinkafunsana kuti anthu akuno analakwira ndani. Nthawi imeneyo ndi imene ndinadziwana ndi a Juwawo, omwewa ukuwadziwawa, makolo awo anachokera ku Milanje ku Mozambiki. Masiku amenewo anali mlonda panyumba ina ku Nyambadwe, akaweruka amatsikira kudimba lawo. Anandiona ndikuyang'anitsitsa mpiru wawo ndi maso a njala, n'kundilozera kachigawo ka bango ndi nsenjere pafupi ndi malo awo.

"Achimwene, ngati manja muli nawo, malo ndi awa," anatero. Dimba lathu linayamba choncho.

Kupusa kwanga koyamba kunali kunyada ndi ulimi wakwathu. Kuchigwa madzi a Shire akaphwa, timangobaya dothi ndi mtengo, kuponya mbewu, chinyontho chimachita zotsalazo. Ndiye ine, mwana wa kudimba kuyambira ndili wamaliseche, ndifunse ndani? Ndinaswa mphanje, ndinadzala chimanga, therere ndi maungu pakati pa Juni, ndipo sindinagule ngakhale kheni. Therere linamera, linafika msinkhu wa chala, n'kuima pomwepo. Masabata ankatha ilo lili chiimire, masamba atakwinyika ngati munthu wokwiya. Tsiku lina a Juwawo anaima pamalire, manja kumbuyo, akuliyang'ana mwachifundo.

"Achimwene, therere lanuli likudikira basi yobwerera ku Nsanje."

"Limera, likungozolowera kaye," ndinayankha.

"Lizolowera mu Okutobala. Pano ndi nthawi ya mpiru, kabichi, karoti ndi nsawawa. Zimenezo chisanu ndi mafuta ake."

Linesi, kumene ukupita uli ndi zambiri zimene ukuzidziwa, koma ukuzidziwa mwa kuno. Ukafika yang'ana kaye chimene eni dera akuchita, ufunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula, ndipo bambo ako analidya chisanu chonse. Usachite manyazi kunena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo ndi aafupi, samapweteka lilime.

Kupusa kwachiwiri ndi kumene kunandipatsa dzina. Nditamvera a Juwawo, ndinafesa nazale ya kabichi. Timbande tinamera tobiriwira, tosalala, ndipo ine ndinatikonda kuposa muyeso. Kenako kunabwera chiperoni chija chosadziwa kutha. Ndili m'nyumba mano akugundana, ndinayamba kuganiza kuti ngati ine wamkulu ndi ndevu zanga ndikunjenjemera chonchi, nanga tinthu tija tili pamtetete? Mtima unandipweteka. Ndinatenga bulangete lathu lochindikala, limodzi lokhalo limene tinali nalo, ndinakazika timitengo n'kufunditsa nazale yonse. Sindinalekere pomwepo. M'mawa ndinkatenthetsa madzi pa mbaula, kuwathira m'chigubu, n'kuthamanga nawo kumtsinje kuti ana anga asamwe ozizira.

Madzulo ake amayi ako anafufuza m'nyumba monse.

"Bambo a Linesi, bulangete lili kuti?"

"Lili kudimba."

"Kudimba kukugona ndani?"

"Kabichi."

"Ine ndi mwanayu tifunde zitenje, kabichi afunde bulangete? Ndiye mukamuuze akuphikireni, akuchapireninso."

Sindinamve. Bulangete linakhala pamenepo mpaka chiperoni chinatha. Tsiku limene dzuwa linatuluka ndinakavundukula monyadira, a Juwawo ali pomwepo. Mwana wanga, zimene ndinaona! Mbande zonse zinali zitatalika ngati ulusi, zachikasu, zagonerana, zina zitaola m'munsi. A Juwawo anaseka mpaka anakhala pansi, anaitana anthu a m'madimba ena kuti adzaone, ndipo kuyambira tsiku limenelo pa Nasolo palibe amadziwa kuti dzina langa ndi Fanuwelo. Onse amati a Bulangete. Bulangetelo linabwerera kunyumba likununkha nkhungu, ndipo amayi ako anandichapitsa ndekha anthu akuona.

Atatha kuseka, a Juwawo anandiphunzitsa. Pa nazale umamanga kathandala, umayala udzu wopyapyala woti dzuwa lizisuzumira. Mbande zikamakula umachotsa udzuwo pang'onopang'ono, ndipo zikayandikira kuwokera umachepetsa ndi madzi omwe, kuti zilimbe. Ine ndinati imeneyo ndi nkhanza. Iwo anati nkhanza ndi zimene ndinachita ine. Imva, Linesi, chifundo chopitirira muyeso chimapha. Odwala amene ukawasamale ena adzafunika kuwadzutsa kuti ayende akulira, ndipo udzaoneka woipa tsiku limenelo. Koma usaiwalenso kuti ndi mmene zilili ndi makolo. Ukatifunditsa kwambiri tiola.

Za kuzizira kwa ku Mzuzu anthu andiopseza nazo, akuti kumeneko chifunga chimalowa mpaka m'kapu ya tiyi. Vala masokosi, dzola mafuta kumapazi, usasambe madzi ozizira pofuna kuonetsa mphamvu. Koma usaope. Magazi ndi akuchigwa, inde, koma khungu lako linakhwimira pa Nasolo. Ndi mtsikana uti wa msinkhu wako amene waviika manja m'chitsime mu Julayi dzuwa lisanatuluke, akuimba?

Kupusa kwachitatu ndinakwera nako minibasi. Ndinamva kuti ku Chigumula kuli woweta nkhuku amene akupereka zitosi kwa ofuna. Ndinapita ndi thumba, ndinadzaza zaziwisi, zotentha, zochoka m'khola tsiku lomwelo. Pa depoti ya Limbe ndinalilowetsa pansi pa mpando mwakachetechete. Tisanafike pa Chichiri, mayi wina anali atatulutsa mutu pawindo, wina akupemphera.

"Madala, mwanyamula chani?" anafunsa kondakitala. "Anthu akukomoka kumbuyoku!"

"Ndi chakudya cha ndiwo, mwana wanga."

"Ayi shuwa, ndiwo zanu zili ndi mtima. Tsikani, madala, zikadyere pansi."

Ndinayenda wapansi thumba lili pamutu, ntchentche zikundiperekeza mpaka pa Nasolo. Chifukwa cha mavuto amenewo ndinati mpiru wanga udye lero lomwe. Ndinathira mulu patsinde lililonse. Kutacha kawiri mpiru wonse unali utapsa ngati wina waudutsitsa pamoto. Apo ndi pamene ndinaphunzira ntchito ija umaikonda iwe, yokumba dzenje n'kuyalamo zitosi, udzu, phulusa ndi masamba, kuwaza madzi, kufotsera, n'kusiya kuti zipse zokha. Ukukumbuka mmene mulu uja unkafukira nthunzi m'mawa wa chisanu? Uli wamng'ono unkapisamo manja kuti afunde, n'kubwera kunyumba ukununkha, amayi ako n'kumati bambo ndi mwana onse ndi amodzi. Chinthu chabwino chimawononga chikafika chili chotentha. Mnzako wogona naye chipinda akakulakwira, ndipo adzakulakwira, usamuyankhe tsiku lomwelo. Lilime lako ndikulidziwa, ndi la amayi ako lenileni. Mawu aja uwafotsere kaye, udzawafukule atazizira. Anyamata obwera ndi mawu otentha nawonso chimodzimodzi, uwasiye kaye padzenje. Wabwino sathawa kudikira.

Usaganize kuti wopusa ndinali ndekha. Chaka chimene tinayamba kudzala letesi wogulitsa kwa akhukhi a ku Nyambadwe, tsiku lina anatsalako mitu ingapo. Amayi ako anati chakudya sichitayidwa, ndipo ngati mabwana amadya, ifenso tidya. Anamuduladula, anamuwiritsa, anathira matimati ndi nsinjiro. Povundukula mumphika munali madzi obiriwira okhaokha, letesi atasowa ngati wabedwa. Tinamwa ndiwo tsiku limenelo. A Juwawo atatiuza kuti amadyedwa wamuwisi, amayi ako anati iwo si kalulu wa m'khola. Lero ndi omwewo amene amati pa Khirisimasi popanda saladi sipanakome. Ndiye ukapatsidwa kondowole kumpotoko usakwinye nkhope, usafunse kuti ichi n'chiyani ndi mawu okweza. Samba m'manja, yang'ana mmene anzako akutemera, idya, uthokoze. Chimene ukuchiseka lero mawa udzachifuna.

Za mpanda ndinene mwachidule, chifukwa unaliko ndipo unaseka kokwanira. Julayi ndi mwezi womweta udzu wouma ndi kudula bango, ndipo chaka chimenecho mbuzi zinali zitatidyera repu bedi lonse. Ndinalumbira kuti ndimanga mpanda woti ngakhale khoswe apemphe chilolezo. Ndinamangira m'kati, kuzungulira, kuluka mothinana, ndipo pomaliza ndinaima kuti ndiyamikire ntchito ya manja anga. Iwe uli kunja unafunsa ndi kamawu kako kaja, "Ababa, nanga mutulukira pati?" Ndinaiwala khomo. Uzidzisunga, mwana wanga, uzidziwa amene ukumulola kuyandikira, koma usiye polowera anthu. Kutali ndi kwanu m'bale wako ndi amene wayandikana naye bedi. Tsiku lodwala ndi yemweyo adzakutengere phala.

Karoti ndiye anandivuta zaka. Ukudziwa kuti amafesedwa mumzere, akamera umapatulira, kuzula ena kuti otsalawo apeze malo. Ine dzanja linkakana. Ndinkagwira kambewu, ndikuona kuti n'kamoyo, kabwinobwino, n'kukasiya. Pokolola ndinkazula timichira ta mbewa, topiringizana, toti ngakhale mbuzi inkatinunkhiza n'kupita. Amene anandichiritsa ndi iwe, ndipo sunadziwe. Unali usanayambe sukulu. Ndinakusiya pabedi la karoti ndikukatunga madzi, pobwera ndinapeza wazula pafupifupi theka, wawandandalika pansi mwadongosolo. Nditafunsa unati umafuna kuona ngati ayamba kufiira. Ndinakukalipira mpaka unalira, ndinakugulira nzimbe kuti utonthole. Bedi limenelo ndi limene linatipatsa karoti wonenepa koyamba, akhukhi ankachita kulimbirana. Kusukuluko udzapeza zokoma zambiri, kwaya, masewero, magulu a mapemphero, maulendo a Loweruka, zonse zabwinobwino. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zula zina, usiye zochepa, ndipo buku likhale pakati pa zotsalazo.

Ndikamakumbukira zisanu zonsezi, sindikumbuka kuzizira, ngakhale mapazi ankang'aluka mpaka kutuluka magazi. Ndimakumbuka ife awiri tikutsika njira ija mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo, utsi ukutuluka m'kamwa, iwe ukunamizira kuti ukusuta fodya ngati a Juwawo. Ndimakumbuka tikuwaza phulusa pa repu kuthamangitsa nsabwe, mphepo n'kutibwezera lonse kumaso. Tikung'amba chitenje chakutha cha amayi ako kuti timangire matimati kumitengo, kenako n'kumva kunyumba kuti chinali chisanathe. Nsawawa zimene unkati ukuthyola, koma dengu losadzaza, masaya okha ndiwo odzaza. Ndi tsiku lofukula chitsime, pamene a m'madimba onse timasonkhana, amuna kulowa m'matope mpaka m'chiuno, amayi kulandira zidebe, wina akuotcha mbatata ndi chinangwa pamoto wa zinyalala. Munthu amatuluka m'chitsime muja ali mbuu, milomo ikunjenjemera, n'kupatsidwa mbatata yotentha m'manja. Ndadya zakudya za paukwati zambiri, koma palibe chimene chinafikapo pa mbatata imeneyo. Ndinali wosangalala, Linesi. Ndikufuna udziwe zimenezi, kuti bambo ako pa moyo wawo anasangalala, ndipo chisangalalo chambiri chinali ndi iwe pambali.

Msana utandigwetsa, sunadikire kuuzidwa. Unanyamula makheni awiri ngati mwamuna, unaphunzira kuthena matimati kuposa ine, ndipo zisanu zapitazi dimba lakongola kuposa mmene linkakhalira ndili wamphamvu. Anthu odutsa amandiyamikira ine, ndipo ine ndimalandira osachita manyazi. Koma dzulo ndinatsika ndi ndodo yanga pang'onopang'ono, ndipo kuseri kwa nthochi ndinaona chimene unabisa. Wafesa nazale ya anyezi, wamanga ndi kathandala komwe. Anyezi, Linesi! Mbewu yochedwa kuposa zonse, yoti kuwokera kwake n'kutsogolo uko. Munthu amene akupitadi safesa anyezi. Pamenepo ndinadziwa kuti zimene ananena amayi ako si nkhambakamwa.

Ukanati tilembe waganyu. Ndaganizapo. Koma ndimakudziwa, bola dimbalo likhale lathu, theka la mutu wako lidzakhala kuno. Uzidzati uli m'kalasi, mphunzitsi akunena za mtsempha, iwe ukuganiza ngati waganyu wathirira nsawawa. Mvula ikachedwa udzaimba foni, mbuzi ikalowa udzakwera basi. Ndiima kaye apa, ndamva mapazi ako pakhonde. Ukuti usambe upite ku Limbe kukakumana ndi amayi ako, mukasankhe jekete pa kaunjika. Pita, ndipo usankhe yochindikala, osati yokongola. Inenso ndili ndi kaulendo.

Ndabwerako. Dzuwa latuluka pang'ono, ndakhala pakhonde, ndipo ngati zilembo zayamba kupendama ndi chifukwa cha chitunda chochokera kudimba chija.

Mayi Esinati ukuwadziwa, aja a ku Chikwawa amene kwa zaka zonsezi akhala akubwera ndi dengu m'mamawa kudzapikula ndiwo zathu n'kumakagulitsa khomo ndi khomo ku Nyambadwe. Amuna awo anamwalira, akulera ana okha, ndipo nthawi zonse akamamanga mpiru wathu m'mitolo amati, "Ndikanakhala ndi pangapanga." Ndinawatumira uthenga dzulo kuti tikumane kudimba masana ano. Ndinaitana a Juwawo ndi mabanja amene tinachita nawo malire, monga timachitira pa Nasolo munthu akamasiyira mnzake malo, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti analanda. A Juwawo masiku ano sayenda mtunda, anakhala pa chidebe chovundikira, ndodo ili pakati pa miyendo.

Tinazungulira malire onse, ine patsogolo, mayi Esinati pambuyo, enawo akutsatira. Kuyambira pa nthochi, kutsika mpaka pachitsime, kukhota pa mwala uja unkakhalapo podya nzimbe, kubwerera pakhomo la mpanda. Ndinawaonetsa pamene madzi amadikha mvula ikachuluka, ndi bedi limene chaka chino siliyenera kudzalidwanso matimati. Iwo ankangoti eya, eya, akuganiza kuti ndikufuna kuwalemba ganyu yothirira. Kenako ndinatenga khasu, ndinalitembenuza, n'kuwapatsa mpini.

Anabweza manja kumbuyo. "Abambo, mukutanthauza chiyani?"

"Temani pansi, mayi, anthu aone."

"Dimba lonseli? Ndi ndiwo zili m'menemu?"

"Ndi makheni omwe. Ine msana wakana, ndipo mwana wanga ali ndi ntchito ina."

"Nanga Linesi akudziwa?"

"Adziwa mawa."

Mayi Esinati anayang'ana a Juwawo. A Juwawo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Landirani, mayi. Munthu akakupatsa mpini subweza." Analandira ndi manja awiri, anatema kamodzi pamutu pa bedi la mpiru, khasu linalowa bwino chifukwa dothilo ndi lofewa, ndi iwe unalifewetsa. Kenako anagwada pomwepo m'matope, akulira, akungobwereza chiyankhulo chakwathu, "Takhuta, takhuta, baba." Amayi a m'madimba ena analulutira. Mayi Esinati anati tsiku lililonse tikafuna ndiwo tizikathyola osapempha, ndipo ine ndinati tizipempha ndithu, chifukwa mwini wake tsopano ndi iwo.

Anthu atabalalika, a Juwawo anandifunsa osandiyang'ana, "Ndiye m'mawa ndizilongolola ndi ndani?"

"Ndibwera ndi chidebe changa," ndinatero. "Tizikhala awiri, tiziloza ndi ndodo kuti apa mwalakwitsa."

"Inuyo muloze zolakwika za anthu?" Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo munali misozi, kaya ya chifuwacho kaya ya china.

Sindikubisa, mwana wanga, pokwera chitunda ndalira. Zaka zonsezi sindinakwerepo njira imeneyo chimanjamanja, nthawi zonse khasu paphewa, kapena kheni, kapena mtolo wa repu. Lero dzanja limodzi linali ndi ndodo, linalo silinkadziwa kochita, ndinaliika m'thumba, ndinalitulutsa, ndinaliikanso. Ndinaima pakati panjira ndi kuyang'ana pansi paja. Mayi Esinati anali atavula kale nsapato, akuyesa kheni pachitsime, ana awo akuthamanga m'tinjira ta pakati pa mabedi. Dimba silinafe, langosintha mapazi. Ndinapukuta m'maso, ndipo pofika pamwamba mtima unali utapepuka kuposa mmene wakhalira chaka chonse chino. Ndagula ndi nzimbe panjira, ndikudya ndekha pano ngati mwana.

Za ife usadere nkhawa. Amayi ako benchi yawo ya ku Limbe ikuyenda, ndipo ku Makata anandisamutsira pageti, pamene ntchito yake ndi kukhala pampando ndi kutsegulira magalimoto. Amayi ako akudziwa zonse, tinagwirizana, ngakhale mawa pa depoti adzachita ngati sakudziwa kanthu.

Ndikudziwa kuti pofika pamzere uno wakwiya. Ukuti sanandifunse, ukuti thukuta langa. N'zoona, thukuta ndi lako, ndipo sindinakufunse chifukwa ukanandigonjetsa. Kwiya ndithu, uli ndi ufulu, koma ukwiyire m'basi momwemo, nkhope italoza ku mpoto. Ukafuna kulira tsamira pawindo, anthu aziyesa ndi fumbi. Ukatha udye mbatatazo zisanaume, ugawireko amene wakhala naye.

Ukafika kusukuluko ukalembetse dzina lako, ukatenge kiyi wa chipinda, ukayale bedi lako, ndipo kwa akuluakulu aja usakapemphe china chilichonse koma kuti akuonetse kalasi. Kuno kulibe chimene chikuuma chifukwa cha iwe. Uzipita kutchalitchi, uzidya, uziimba foni Lamulungu masana, ndipo masabata oyambawa ukafuna uziyankhula ndi amayi ako okha mpaka mkwiyo utaphwa, ine ndizimvera pambali. Ndinakunyadira ukusenza madzi, ndipo ndidzakunyadira kwambiri ndikadzakuona mu yunifolomu yoyera ukukalipira madala ngati ine kuti amwe mankhwala.

Pa holide yoyamba ukatsika minibasi, mapazi adzafuna kukhotera kumtsinje, kuti ukandipeze pakati pa mabedi. Uwaletse. Ukwere njira ya kumtunda, ufikire kunyumba. Udzandipeza pakhonde, m'manja moyera, ndikuyang'ana kumsewu.

Mulungu akutsogolere, mayi wanga.

Ine bambo ako,
Fanuwelo